LEWIS HINE, MPHUNZITSI AMENE ANASIYA COKO NATENGA KAMERA

Miyezi ya Meyi ndi Juni ikafika, minda ya thonje ya ku Zemba ndi ya m'madera ena a boma la Chadiza imayera mbuu, ndipo mabanja amalawirira m'mamawa kukatola. Thonje likalongedwa ndi kukwezedwa pa lole, mlimi salionanso, koma ulendo wake umakhala utangoyamba kumene. Limapita kocotsa njere, licoke apo lipite kopota ulusi, ndipo potsiriza lifike koluka nsalu. Zaka zoposa 100 zapitazo m'dziko la America, manja ambiri amene anali kugwira thonje pa ulendo wonse umenewu, kuyambira m'munda kufikira pa makina, anali manja a ana aang'ono, ena a iwo a zaka 5 kapena 6 cabe.

Anthu a m'mizinda anali kuvala nsaluzo osadziwa, kapena osafuna kudziwa, za amene anali kuzipanga. Munthu amene anawaonetsa nkhope za anawo anali Lewis Hine. Iyeyu sanayambe ndi kujambula zithunzi. Anayamba wagwira nchito m'fakitale, nasesa m'banki, naphunzitsa sukulu zaka 7, ndipo kamera anaigwira koyamba ali ndi zaka pafupifupi 30. Pa msinkhu umene anzake anali kukhazikika pa nchito zao, iye anasiya malipiro a mwezi ndi mwezi natsata cinthu cimene mtima wake unakonda. Mbiri yake ionetsa cimene munthu angapindule posintha nchito atakula kale, ndiponso mtengo umene angalipire.

UBWANA WAKE

Lewis Wickes Hine anabadwa pa 26 Sepitembala 1874 m'tauni ya Oshkosh, m'cigawo ca Wisconsin, kumpoto kwa America. Linali dera la nkhalango, ndipo anthu ambiri a m'tauniyo anali kudyera nchito ya matabwa. M'caka ca 1892, cimene mnyamatayo anatsiriza sukulu ya sekondale, atate ake anafa pangozi, ndipo udindo wothandiza amai ake unagwera iye. Maphunziro anayamba aima. Analowa nchito m'fakitale yopanga mipando, kumene anali kugwira maola 13 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, nalandira madola 4 okha pa sabata lathunthu. Atacoka kumeneko anagwira maganyu osiyanasiyana, kufikira anapeza nchito yosesa m'banki. Usana anali kugwira tsace, madzulo anali kugwira buku.

Zaka zimenezi zinaoneka ngati zotayika, koma ndizo zinamphunzitsa cinthu cimene sicipezeka m'buku: kulemera kwa miyendo ya munthu amene waimirira kuyambira mbandakuca kufikira usiku. Pamene anadzakumana ndi ana a m'mafakitale patapita zaka 16, kutopa kwao sikunali kwacilendo kwa iye.

Mwai wake unadzera mwa Frank Manny, mphunzitsi wa pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya ku Oshkosh komweko. Manny anaona kuti mnyamatayo anali wokonda kuphunzira, namlimbikitsa kubwerera ku sukulu. M'caka ca 1900, ali ndi zaka pafupifupi 26, Hine analowa yunivesite ya ku Chicago. Caka cotsatira Manny anaitanidwa kukakhala mkulu wa sukulu yochedwa Ethical Culture School mumzinda wa New York, ndipo anatenga Hine kuti akaphunzitse za cilengedwe ndi za maiko. Mu 1904 Hine anabwerera kwao kukakwatira Sara Rich, ndipo mu 1905 analandira digiri ya uphunzitsi pa yunivesite ya New York. Mwana wamasiye wa ku Oshkosh uja tsopano anali munthu wolemekezeka, wa banja lake ndi wa nchito yokhazikika.

KAMERA YOYAMBA

Ndi Manny yemweyo amene anaika kamera m'manja mwa Hine. Anafuna kuti pa sukulupo pakhale munthu wojambula ana akamaphunzira ndi akamapita kukaona zomera ndi miyala kuthengo. Hine sanapite ku sukulu ya kujambula. Anadziphunzitsa yekha, kuononga ndi kuyambiranso, ndipo posakhalitsa anayambitsa kagulu ka ana a sukulu okonda kamera. Mmodzi wa anawo, Paul Strand, anadzakhala wojambula wochuka pa dziko lonse.

Kamera ya masiku amenewo siinali ngati ya wojambula zithunzi za pa reji, ndiponso siinali ngati ya pa foni ya lero. Linali bokosi lalikulu lamatabwa loimikidwa pa miyendo itatu. Wojambula anali kufunda nsalu yakuda kumutu kuti aone bwino munthu amene akumjambula, ndipo munthuyo anali kuoneka cadodolido pa galasi la kumbuyo kwa bokosilo. M'malo mwa filimu anali kulowetsa galasi lopakidwa mankhwala, ndipo galasi limodzi linali kutenga cithunzi cimodzi basi. Pamalo pamdima anali kuyatsa ufa wonga onga, umene unali kuwala ngwee ndi kusiya utsi wambiri. Katundu yense pamodzi anali kupitirira makilogalamu 20. Ndi makamera a nthawi yomweyo amene Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku wa pa mishoni ya Blantyre ku Nyasaland, anajambulira zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake.

Mu 1904 Manny ndi Hine anayamba kupita ku kacisumbu kochedwa Ellis Island, pa doko la New York, kumene alendo obwera kudzakhala mu America anali kuyamba kufikira. Anali anthu osauka ocokera ku Italy, ku Russia ndi maiko ena a ku Ulaya, ndipo m'caka ca 1907 cokha anthu oposa 1,000,000 anadzera pamenepo. Eni dziko ambiri anali kuwanyoza kuti ndi anthu auve ndi osadziwa kanthu. Manny anafuna kuti ana a sukulu yake awaone monga anthu anzao. Hine sanali kudziwa zinenero za alendowo. Anali kusankha munthu pakati pa cikhamu, namlankhula ndi manja ndi kumwetulira, namuimika pamalo, nayatsa onga wake. Zithunzi zimene zinatuluka zinaonetsa amai obereka ana, madoda osenza mitolo, atsikana ovala za kwao, onse akuyang'ana kamera mwaulemu wao. Pamenepo Hine anazindikira kuti cithunzi cimodzi cingathe kuphunzitsa cimene iye anali kulephera kufotokoza ndi coko pa bolodi.

KUSIYA UPHUNZITSI

Kalembera wa anthu wa mu 1900 anapeza kuti mu America munali ana pafupifupi 1,750,000 a zaka 10 kufikira 15 amene anali pa nchito yolipidwa, osawerengera ocepera zaka 10. Mu 1904 anthu ena acifundo anapanga bungwe lolimbana ndi mcitidwe umenewu, lochedwa National Child Labor Committee, ndipo wapampando wake anali Felix Adler, yemwe anayambitsa sukulu imene Hine anali kuphunzitsapo. Bungwelo linali kulemba malipoti ndi kuchula ziwerengero, koma eni mafakitale anali kungokana kuti kwao kulibe ana. Panafunika umboni umene munthu sangautsutse.

Hine sanalumphe mwakhungu. Kwa zaka zingapo anali kuphunzitsa pakati pa sabata ndi kujambula pa nthawi ya chuthi. Anayamba kugwirira bungwelo maganyu, ndipo mu 1907 anajambula anchito a m'mafakitale a zitsulo ku Pittsburgh pothandiza ofufuza za umoyo wa anthu a mumzindawo. Koma nchito ziwirizi sizikanatheka kuziphatikiza mpaka kale, pakuti mafakitale ndi migodi zinali kutali, ulendo wa masiku pa sitima. Anayenera kusankha cimodzi.

Cimene anali kusiya sicinali cocepa. Uphunzitsi unali ndi malipiro odziwika, ulemu pakati pa anthu, ndi kugona pakhomo usiku uliwonse. Kumene anali kupita kunalibe njira yopondedwa kale, pakuti wojambula wa masiku amenewo anali kukhala m'situdiyo kudikira maukwati ndi anthu acuma. Nchito yoyendayenda ndi kamera kukafufuza zoipa zobisika inali yacilendo ndipo inali ndi adani. Komabe m'caka ca 1908, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 34, Hine anatula pansi uphunzitsi nakhala wofufuza ndi wojambula wa bungwelo. Iye mwini anafotokoza pambuyo pake kuti sanaleke kuphunzitsa iai, koma anangosamutsa maphunziro ake kuwacotsa m'kalasi ndi kuwapereka kwa dziko lonse.

M'MAFAKITALE, M'MIGODI NDI M'MINDA

Kwa zaka 10 zotsatira Hine anayenda pafupifupi mbali zonse za America atasenza bokosi lake. Akapitao sanali kumlandira. Nthawi zina anali kumthamangitsa pa cipata, nthawi zina kumuopseza kuti amumenya. Motero anaphunzira kulowa mocenjera. Kwina anali kudziyesa wogulitsa Mabaibulo, kwina wogulitsa inshuwalansi, kwina woyendera za kapewedwe ka moto, ndipo kwina anali kunena kuti wabwera kudzajambula makina. Akaloledwa kujambula makinawo, anali kupempha kuti mwana aime pambali pake kuti kukula kwa makina kuoneke bwino. Akamkaniza kulowa, anali kudikira pa cipata mbandakuca, kapena masana pa nthawi ya cakudya, najambula anawo akulowa kapena akutuluka.

Apa ndi pamene uphunzitsi wake unamthandiza. Anali kudziwa kulankhula ndi mwana mpaka mantha amuthere. Pocezapo anali kufunsa dzina, zaka zakubadwa, maola a nchito ndi malipiro, uku dzanja lili m'thumba likulemba mobisa pa kabuku. Anali atayesa kutalika kwa batani lililonse la cikhoti cake kucokera pansi, cotero mwana akaima pafupi naye anali kudziwa msinkhu wake popanda kutulutsa coyesera. Madzulo anali kupita ku makomo a anawo kukaona zikalata za kubadwa, kapena Baibulo la banja m'mene makolo anali kulemba masiku obadwa a ana ao. Anali wosamala conco cifukwa anadziwa kuti bodza limodzi likapezeka, adani ake adzanena kuti zithunzi zonse ndi zabodza. Pa cifukwa comweco sanalole kukometsera kapena kuipitsa cithunzi potsuka.

Mu Novembala 1908, m'fakitale yopota thonje ku Lancaster m'cigawo ca South Carolina, anajambula kamtsikana kotalika masentimita 122 kataima pakati pa mizere ya makina yotalika koposa nyumba zingapo. Nchito ya atsikana otere inali kuyenda uku ndi uku tsiku lonse kulumikiza ulusi woduka, akupuma mpweya wodzala fumbi la thonje. Anyamata anali kusintha timitengo tokulungapo ulusi, ndipo ena, pokhala aafupi, anali kukwera pa makina osavala nsapato, makinawo akuyenda. Mu 1912 ku North Carolina anajambula mnyamata amene makina anamdula zala ziwiri.

Mu Januwale 1911 anafika pa mgodi wa malasha ku South Pittston, m'cigawo ca Pennsylvania. Kumeneko anyamata anali kukhala pa matabwa atawerama tsiku lonse, malasha akuyenda m'ngalande kunsi kwa mapazi ao, iwo akutola miyala ndi manja. Fumbi linali kucita kuphimba kuwala, ndipo kapitao anali kuima kumbuyo kwao ndi ndodo. Pa cithunzi ca Hine nkhope za anyamatawo zili bii, maso okha ndiwo aoneka. Mwezi wotsatira anali ku Biloxi, m'mphepete mwa nyanja, kumene anajambula kamnyamata ka zaka 5 kosenda tinkhanu ta m'nyanja, kataima kutsogolo kwa mulu wa zigoba. Anajambulanso ana ogwira nchito usiku m'mafakitale a mabotolo, ndi ana ogulitsa nyuzipepala m'miseu pakati pa usiku.

Minda sanaiiwale. Mu 1916 anajambula ana ocotsa mbozi ndi mphukira m'minda ya fodya ku Kentucky, ndipo ku Oklahoma anapeza ana awiri a banja limodzi, wa zaka 6 ndi wa zaka 5, akukoka matumba a thonje. Analemba kuti anali kutola makilogalamu 9 kufikira 11 pa tsiku, ndi kuti atate ao anawalonjeza kangolo koseweretsa akalimbikira. M'madera omwewo anali kulowa m'masukulu a kumidzi, najambula ana ocepa amene analipo, nalemba ciwerengero ca amene anajomba cifukwa ca thonje kapena fodya. Monga mphunzitsi, mabenci opanda anthu aja anali kumuuza zambiri.

Zithunzizo zinali kusindikizidwa m'magazini, m'timabuku ndi pa zikwangwani, ndipo Hine mwini wake anali kuzionetsa pa misonkhano ndi nyale yoonetsera zithunzi pa cipupa. Anthu amene anali kutsutsa ziwerengero anasowa conena ataona nkhope.

NKHONDO YA MALAMULO

Zipatso zinayamba kuoneka pang'onopang'ono. Zigawo zambiri zinakhwimitsa malamulo ao. Mu 1912 boma la America linatsegula ofesi yoyang'anira za umoyo wa ana. Mu 1916 Pulezidenti Woodrow Wilson anasaina lamulo lochedwa Keating-Owen, loletsa kuti katundu wa m'fakitale yolemba ana osakwana zaka 14, kapena wa mumgodi wolemba ana osakwana zaka 16, agulitsidwe kunja kwa cigawo cimene wacokera.

Cimwemwe sicinakhalitse. Bambo wina wa ku North Carolina, Roland Dagenhart, amene ana ake awiri anali pa nchito m'fakitale ya thonje ku Charlotte, anakasuma mothandizidwa ndi eni mafakitale, ndipo mu 1918 khoti lalikulu linafafaniza lamulolo, oweruza 5 kugonjetsa 4. Lamulo laciwiri, loika msonkho pa olemba ana nchito, linafafanizidwanso mu 1922.

Mlandu umenewu uonetsa kuti otsutsa sanali acuma okha. Makolo ambiri osauka anali kudalira tindalama ta ana ao kuti pakhomo pakhale cakudya, ndipo ena anali kunama zaka za ana ao kuti alembedwe. Hine sanali kuwanyoza makolo otere, pakuti umphawi anali kuudziwa. Koma iye ndi anzake anali kuonetsa kuti mwana wolipidwa pang'ono amatsitsa malipiro a atate ake omwe, ndi kuti mwana wosaphunzira amakula kukhala kholo losauka limene lidzatumizanso mwana wake ku makina omwewo. Umphawi unali kubala umphawi unzake.

ZAKA ZOTSIRIZA

Bungwe lija litamcepetsera malipiro, Hine anacokako, ndipo mu 1918 analowa nchito ya Red Cross napita ku Ulaya kumapeto kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anajambula othawa nkhondo, ana amasiye ndi midzi yopasuka ku France, ku Italy, ku Serbia ndi ku Greece. Atabwerera kwao anafuna kuonetsa mbali ina ya nchito, ndiyo ulemu wa munthu wamkulu wodziwa nchito yake. Anajambula okonza makina, oyendetsa sitima ndi osula zitsulo, ndipo mu 1921 anajambula ana a kumidzi ku West Virginia akuonetsa ziweto ndi mbeu zimene anasamala okha m'magulu a alimi acicepere. Iye sanali mdani wa nchito. Anali mdani wa nchito imene imadya ubwana wa munthu.

Mu 1930 anapatsidwa nchito yojambula kamangidwe ka nyumba yochedwa Empire State Building ku New York, ya nsanjika 102, imene pa kutsegulidwa kwake mu 1931 inali yaitali koposa nyumba zonse pa dziko lapansi. Hine anali ndi zaka 56, koma anakwera pamodzi ndi omanga nsanjika ndi nsanjika. Pofuna kujambula bwino amuna oyenda pa mitanda yacitsulo, analowa m'dengu limene analilendeweretsa m'malere mamita pafupifupi 300 pamwamba pa mseu. Zithunzizo zinalowa m'buku lake lochedwa Men at Work, limene linatuluka mu 1932.

Kucokera apo zinthu zinayamba kumthina. America inali m'nthawi ya kugwa kwa cuma, ndipo magazini ndi maofesi a boma anali kufuna ojambula acinyamata a makamera aang'ono ofulumira. Hine anapeza nchito za kanthawi cabe, monga kujambula madamu a mtsinje wa Tennessee mu 1933. Ofesi ya boma imene inatuma ojambula ambiri kukajambula alimi osauka inamkana, ngakhale kuti njira imene ojambulawo anali kutsata anailambula ndi iye.

Mu Juni 1938 Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lochedwa Fair Labor Standards Act, limene linaika zaka 16 monga msinkhu woyambira nchito zambiri, ndi zaka 18 pa nchito zoopsa. Linali lamulo limene Hine analilimbanira kwa zaka 30, ngakhale kuti ana a m'minda silinawateteze mokwanira. Koma mwini wake pa nthawiyo anali kusowa ndi ndalama yobwezera ngongole ya nyumba. Ojambula acinyamata, motsogozedwa ndi Berenice Abbott ndi mlembi Elizabeth McCausland, anamkonzera cionetsero ca zithunzi zake ku New York kuciyambi kwa 1939. Anthu anayamikira, koma nchito siinabwere. Nyumba yake ya ku Hastings-on-Hudson inalandidwa, mkazi wake Sara anamwalira kumapeto kwa caka comweco, ndipo iye anafika popempha cithandizo ca boma ca anthu osowa. Anamwalira pa 3 Novembala 1940 m'cipatala ca ku Dobbs Ferry atacitidwa opaleshoni, ali ndi zaka 66. Patangopita miyezi itatu, mu Febuluwale 1941, khoti lalikulu lomwe lija linavomereza kuti lamulo la 1938 liime.

Mwana wake Corydon anapereka zithunzi ndi magalasi a atate ake ku gulu la ojambula lochedwa Photo League. Gululo litatha, nyumba ina yaikulu yosungira za luso ku New York inazikana, ndipo mu 1955 zinalandiridwa ndi George Eastman House ku Rochester. Zithunzi zoposa 5,000 za ana apanchito zisungidwa ku Library of Congress mumzinda wa Washington, zambiri mwa izo zili ndi mau amene Hine analemba ofotokoza malo, tsiku ndi zaka za mwanayo. Lero palibe buku lalikulu la mbiri ya kujambula limene limasiya dzina lake.

CIMENE ANASIYA

Kwa munthu amene aganiza zosiya nchito imene waizolowera kuti atsate luso limene alikonda, moyo wa Hine uli ndi mau awiri. Oyamba ndi akuti iye anaphunzira luso latsopano akali pa nchito yakale, kwa zaka zinai, ndipo pocoka sanataye cimene anali naco. Kuleza mtima ndi ana, kufunsa mafunso ndi kulemba zoona zokhazokha anazitenga m'kalasi, ndipo ndizo zinasiyanitsa zithunzi zake ndi za ena. Aciwiri ndi akuti luso lokondedwa sililonjeza cuma. Nchito imene anaisankha inamufetsa wopanda nyumba, koma inathandiza kutulutsa ana ambirimbiri m'mafakitale ndi kuwalowetsa m'kalasi, oculuka koposa amene akanawaphunzitsa ndi coko moyo wake wonse.

Nkhani ya ana apanchito siili ya ku America kokha. Dziko la Zambia linavomereza pangano la maiko loika zaka 15 monga msinkhu woyambira nchito mu 1976, ndi lina loletsa nchito zoopsa kwa ana mu 2001, ndipo kuyambira mu Januwale 2022 malipiro a sukulu anacotsedwa m'masukulu a boma kufikira ku sekondale. Komabe m'midzi ya cigawo ca Kum'mawa mukali anyamata amene amalembedwa ubusa kwa zaka zingapo kuti potsiriza alandire ng'ombe imodzi, ndi ana amene amajomba ku sukulu nyengo yotola thonje ndi yosoka fodya. Palibe wotsutsa kuti mwana aphunzire khasu, atunge madzi, kapena athandize kumunda akaweruka ndi pa chuthi, pakuti m'mera mpoyamba. Malire amene Hine anaonetsa ali pamene nchito yalowa m'malo mwa sukulu, kapena yapitirira mphamvu za mwana.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana amene Hine anajambula sanali ake, ndipo ambiri a iwo anawaona tsiku limodzi lokha. Koma anaima, nawafunsa maina, nawerenga zaka zao, nakauza dziko cimene anaona. Masiku ano kamera siilemeranso makilogalamu 20, ndipo ipezeka m'thumba la anthu ambiri ngakhale ku Zemba. Cimene cikali kufunika ndi munthu amene, akaona mwana akutsata ng'ombe pa nthawi ya sukulu, adzaima ndi kufunsa kuti mwanayo ndi wa yani ndipo ali ndi zaka zingati.